Madzi a Matemba Pansi pa Mpando wa Mkwatibwi

Amayi anzanga, ndachita kulemba papepala chifukwa ndikati ndilankhule za m'mutu mawu amandithawa. Mundipirire. Kwa amene simundidziwa, ndine Edina, amake Tamanda. Ndimatsuka magalimoto pansi pa mtengo wa mango uja uli m'mbali mwa msewu, pakati pa Domasi ndi Malosa.

Pali nkhani imene m'chigwa muno mumaidziwa mbali imodzi. Mukudziwa kuti galimoto imene inanyamula Rute, mwana wa a Makwinja, pa tsiku la ukwati wake inanunkha nsomba zowola mpaka mkwatibwi anasanza pakhomo pa tchalitchi. Mukudziwanso kuti galimotoyo inatsukidwa kwa ine. Ena munandiseka, ena munandimvera chisoni, mumati mtsikanayu ntchito inamukanika. Sinandikanike ayi. Ndinachita dala. Ngakhale mayi anga ondibereka sakudziwa zimenezi, azimva lero kwa inu.

Ndiyambe ndi mmene ndinafikira pansi pa mango paja. Ndili ndi satifiketi ya kukoleji, ya zosamalira zipinda za m'mahotela. Anatiphunzitsa kuchotsa mafuta pa nsalu, kutsuka kapeti osaiwononga, kudziwa sopo woyenera chikopa ndi woyenera pulasitiki. Ntchito ya kuhotela sinapezeke. Bambo ake a Tamanda anapita ku Joni mwana ali m'mimba, ndipo foni yawo inasiya kulira kalekale. Ndiye ndinagula huva yakale ku Zomba, makina aja okoka fumbi, ndinagula mabaketi ndi maburashi, magetsi n'kumakoka pa shopu ya ometa. Ndinati zimene ndinaphunzira za zipinda ndizichita m'magalimoto a aphunzitsi ndi a m'maofesi amene amadutsa msewu umenewu.

Kutsuka galimoto kulipo kuwiri. Kulipo kothira madzi kunja, kupukuta, mwini wake n'kumapita. Kwinako n'kumene ndimachita ine: kumasula mipando, kukweza kapeti, kutsuka siponji ya m'kati, kulowetsa kaburashi m'timipata ta dashibodi, kupaka polishi, kenako kuyanika. Kuyanikako ndiye kumalamulira zonse. Inu mukudziwa kuti kuno dzuwa silikhalitsa, likangopendeka limabisala kuseri kwa phiri, mthunzi n'kutiphimba anzathu a ku Liwonde akadali kuwotha. Mpando ukapanda kuuma nthawi imeneyo, wagona wonyowa basi.

Zonsezi ndinkazidziwa. Koma pakamwa panga pankatuluka mawu awiri amene anandigwetsa. Munthu akafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, ndinkati, "Sizichedwa, bwana." Akafunsa kuti ndi zingati, ndinkayang'ana pansi, kukanda dothi ndi chala cha kuphazi, n'kunena kuti, "Muona nokha." Tinaleredwa choncho, eti? Kutchula mtengo kwa munthu wamkulu kumaoneka ngati mwano. Ndinkaopanso kuti ndikanena zoona athawira kwa anyamata a kumtsinje amene amatsuka ndi chisanza n'kulandira ya fanta. Ndiye anthu ankaona okhadi, ndipo ankaona pang'ono.

A Makwinja amagwira ntchito mu ofesi ya zandalama pa sukulu ina kuno. Tsiku lina m'mawa, nyengo yozizira, anaimika galimoto yawo pamango paja. Anali atachokera ku Mangochi ndi nsomba, chibokosi cha ayezi chosungiramo nsombazo chinagubuduka m'njira, madzi ake analowa m'buti n'kuyenderera mpaka pansi pa mpando wakumbuyo.

"Asisi, tangoipukutani iyi. Ola limodzi likwana, eti? Ndili ndi mitingi."

Ndinanunkhiza, ndinadziwa kuti ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Koma pakamwa panga panati, "Sizichedwa, bwana."

Tamanda anali atangoyamba kuyenda bwino nthawi imeneyo. Ndinathamanga naye kwa aneba anga, amake Dalitso, n'kuwauza bodza lomwe lija: "Mundisungireko pang'ono, sindichedwa." Iwo anati, "Musachedwedi, ine dzuwa likakwera ndikupita kumpunga kukaingitsa mbalame." Ndinavomera.

Ndinamasula mpando, ndinakweza kapeti, ndinatsuka, ndinafinya, ndinatsukanso. Mtima unali kwa mwana, manja ali m'madzi a nsomba. Ndikati ndisiye ndikamuone, galimoto ya eni ili chotsegula m'mbali mwa msewu, mipando ili panja, ndani aiyang'anira? A Makwinja anabwera masana, anapeza mipando ili padzuwa.

"Aa! Mwaiphwasula? Ine ndati kupukuta, inu mukupanga opaleshoni?"

Anabweranso mthunzi wa phiri utafika. Anazungulira galimoto, analowetsa mutu, ananunkhiza, sanapeze cholakwika. Kenako anafunsa kuti ndi zingati, ine ndinati muona nokha. Anapisa m'thumba n'kundipatsa ndalama yosakwana paketi ya shuga.

"Mwandichedwetsa kwambiri, ndakwera kabaza kawiri chifukwa cha inu. Ndachotsera imeneyo. Ulendo wina muzifulumira, kutsuka galimoto si digiri."

Ndinati zikomo. Amayi anzanga, ndinachita kupinda bondo n'kunena kuti zikomo.

Nditafika kunyumba ndinapeza anthu ali pakhonde. Amake Dalitso anandidikira mpaka anatopa, mbalame zikuwathera mpunga, ndiye anasiya Tamanda ndi ana anzake. Anawo ankawotcha mbatata pambaula. Tamanda anapunthwa n'kugwera pamenepo ndi mkono. Sindifotokoza mmene khungu linaonekera. Kulira kwake ndimakumvabe ndikamayatsa makala. Ndinamubereka kuthamangira kuchipatala, kandalama kaja ndili nako m'manja, ndipo sikanakwane ngakhale kulipira njinga yamoto.

Pa benchi ya kuchipatala paja m'pamene chinthu china chinalowa mwa ine. Sindinakwiyire amake Dalitso, anandichenjeza. Sindinadzikwiyire ndekha, ndinalibe mphamvu imeneyo. Mkwiyo wonse ndinausenzetsa a Makwinja. Nesi akamasintha bandeji mwana akukuwa, ine ndinkamva mawu aja akuti kutsuka galimoto si digiri. Ndinalumbira kuti bambo amenewa adzanunkhiza chimene ndinanunkhiza ine, ndipo adzachinunkhiza pamaso pa anthu.

Ndinadikira. Chilonda chinapola n'kusiya chipsera chonyezimira kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Nyengo yotentha itafika, ndinamva kuti Rute akukwatiwa, ndipo galimoto ya mkwatibwi ikhala ya bambo ake. Ndinagula matemba aawisi kwa wanjinga wochokera ku Chilwa, ndinawaika m'kachigubu, ndinathiramo madzi, ndinatseka n'kukaika padenga kuti dzuwa lichite ntchito yake. M'mawa uliwonse ndinkakagwedeza ngati munthu wofulula thobwa. Ndinkapemphera ndithu, osati kuti Mulungu andichotsere maganizo amenewa, koma kuti a Makwinja asapite kwina.

Sanapite kwina. Akanapitiranji, pomwe kuno kunali chitsiru cha muona nokha? Anabwera Lachinayi.

"Asisi, Loweruka ndi ukwati. Iwale ngati ya nduna. Koma zochedwa zija ayi."

"Iwala, bwana."

Sindinagwirepo ntchito yokongola ngati tsiku limenelo. Matayala anada bii, dashibodi munthu n'kumadzionerapo nkhope. Nditamaliza ndinamasula mpando wakumbuyo, ndinautembenuza, ndinathira madzi a m'chigubu muja m'siponji kuchokera pansi, pang'onopang'ono kuti amwerere osafika pamwamba. Otsala ndinathira pansi pa kapeti. Ndinabwezeretsa zonse, ndinapopera pefyumu wambiri. Atabwera ndinawalangiza mwaulemu: "Mawindo musatsegule mpaka Loweruka, bwana, fumbi lingalowe. Ndipo muziimika padzuwa kuti polishi agwire." Anandipatsa kandalama kawo, ndinapindanso bondo.

Loweruka ndinavala chitenje chatsopano n'kukaima pagulu la oonerera kunja kwa tchalitchi. Ndinamva pambuyo pake kuti fungo analimva m'mawa pomanga maliboni, koma nthawi inali itatha, anangopopera pefyumu wina pamwamba, zimene zinangoipitsiratu. Galimoto inafika ikuliza hutala, amayi akululutira. Chitseko chitatseguka, nthungululu zinaduka pakati. Tiana tamaluwa tinatuluka titagwira mphuno. Ntchentche sindikudziwa kuti zinauzidwa ndi ndani. Rute anatsika, anayenda mapazi ochepa, anawerama n'kusanzira diresi lake loyera. A Makwinja anali atavala suti, thukuta lili kamukamu, akutsegula zitseko zonse, kukupiza ndi pulogalamu ya ukwati, anyamata a kabaza akufa ndi phwete.

Ndikanama ndikanena kuti ndinamva chisoni. Ndinabwerera kunyumba ndikuyimba. Ndinapsompsona chipsera cha Tamanda n'kumuuza kuti, "Ndakubwezerera, mwanawe."

Kukoma kwake sikunathe sabata. Ine ndinkaganiza za manyazi a a Makwinja okha, ndinaiwala kuti anthu afunsa kuti galimotoyi inatsukidwa kuti. A Makwinja anafika pamango paja n'kunditukwana msewu wonse ukumva, amati ndinasiya mipango yonyowa chifukwa cha ulesi. Sindinawatsutse, pakuti bodza lawolo linali labwino kuposa zoona. Makasitomala anatha ngati madzi a m'ngalande mwezi wa Okutobala. Magalimoto amene ankaima aja anayamba kudutsa, ena n'kumaliza hutala monyoza. Makondakitala a minibasi anandipatsa dzina, ankakuwa kuti, "Otsika pa Matemba!" Wometa uja anachotsa waya wanga. Huva ndinakaikitsa pinyolo, maburashi ndinagulitsa, lendi inandipitirira.

Kenako mowa. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi ka timidoli tija kuti ndipeze tulo, chifukwa ndikatseka maso ndinkaona diresi loyera lija. Posakhalitsa ndinkamwa m'mawa. Ine amene ndinkadzidzimuka mwana akangotsokomola, ndinafika pogona masana chitseko chili pululu, Tamanda akusewera yekha kufupi ndi msewu wa magalimoto. Amake Dalitso ndiwo anakauza mayi anga, amene amakhala kumtunda kufupi ndi Domasi Mission. Mayi anatsika, sanakuwe, anangolongedza zovala za mwana m'jumbo n'kumubereka.

"Edina, mwana uyu anapsa kamodzi chifukwa cha ntchito yako. Sapsa kachiwiri chifukwa cha mowa wako."

"Amayi, ndisiyireni mwana wanga, ndisintha."

"Udzamutenga tsiku limene udzabwere wosanunkha, uli ndi ntchito m'manja, ndiponso ukudziwa nthawi imene umaweruka. Zoti sindichedwa sindikufuna kuzimvanso."

Ndinapitako kamodzi nditamwa, ndikuganiza kuti sizikudziwika. Tamanda anandiyang'ana, anathawira kuseri kwa anganga ake n'kugwira chitenje chawo ndi kadzanja kachipsera kaja. Ndinamuitana, anapukusa mutu. Ndinatsika phiri lija ndikulira ngati kwagwa maliro, ndipo nditafika kumsewu ndinagulanso kabotolo. Pamenepo ndiye pansi penipeni pamene ndinafika. Ngati pali wina muno amene ali pomwepo, ndikukudziwani, simukuyenera kuimika dzanja.

Mvula itatha, m'mawa wina ndinali pansi pa mango paja, nditakhalira baketi imodzi imene inatsala. Sindikudziwa chimene ndinkapitirako, mwina miyendo inangozolowera. Mutu unkawawa. Kabaza anaima, panatsika mayi wina wovala bwino, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinawazindikira. Anali mayi Makwinja, amake Rute. Ndinayang'ana kothawira.

"Khalani pansi, amake mwana, sindinabwerere ndewu," anatero. Anayala kansalu pamuzu wa mango n'kukhala. "Galimoto ija yatikanika. Tapita nayo ku Zomba kawiri, amangothira sopo pamwamba, dzuwa likawomba fungo n'kubwerera. Ine ndinasiya kukwera. Tikufuna tiigulitse, koma wogula akangotsegula chitseko amatsanzika. Abambo sakufuna kumva dzina lanu. Koma ine ndimakumbukira kuti tsiku la nsomba za ku Mangochi lija munaitsuka fungo n'kutheratu. Ndiye ndabwera ndekha."

Ndinangoti, "Eya, mayi."

"Ine ndine telala. Diresi lija ndinasoka ndekha, mikanda yonse ija ndinaika umodziumodzi ndi manja awa."

Ndinkayang'ana nyerere zimene zinkakwera baketi, ndikuopa kuti ndikadzutsa mutu aona zonse pankhope panga.

"Ndiye monga munthu wa ntchito yamanja mnzanu, ndikufunsani zinthu ziwiri, ndipo musandiuze zondisangalatsa. Ine ndikauza munthu kuti Lachisanu ndikudziwa kuti ndi Lolemba, amene amavutika ndi ana anga. Ntchito imeneyi itenga masiku angati? Ndipo ndi ndalama zingati?"

Amayi anzanga, chiyambire ntchito imeneyi panalibe amene anandifunsapo choncho n'kudikira yankho. Onse ankafunsa atayankha kale okha. Ndinamva mawu aja akukwera pakhosi mwachizolowezi, sizichedwa, muona nokha. Anafika palilime penipeni. Chala changa cha kuphazi chinali chitayamba kale kukanda dothi. Ndinachiyang'ana chalacho, ndinakumbukira kuti chinkakandanso choncho tsiku limene mwana wanga ankagwera pambaula. Ndinachiponda ndi phazi linalo.

Ndinatseka maso n'kuyamba kuigwira ntchitoyo m'mutu. Kumasula mipando yonse. Kuchotsa kapeti yense, osati kungokweza. Siponji ya mpando wakumbuyo ndiyosatsukika, yofunika kudula n'kuika ina. Chitsulo cha pansi kuchikwecha, kuchisiya chiume. Kuchapa, kuyanika, kuchapanso. Phiri kubisa dzuwa. Mayi aja sanandifulumizitse, ankangopinda tepi yawo n'kuitambasula.

"Masiku atatu," ndinatero. "Kukachita mitambo, anayi."

"Chabwino. Ndalama?"

Ndinatchula mtengo wofanana ndi wa thumba la chimanga nthawi ya njala. Nditautchula ndinadikira kuti dziko ling'ambike. Silinang'ambike. Minibasi inadutsa, mbuzi inalira kutsidya.

"Theka muperekeretu, ndikawombole huva ndi kugula siponji," ndinawonjezera, ndikudabwa kuti akulankhulayo ndi ndani. Ndiye kamtima kanga koipa kaja kanadzuka, pakuti sikanafe. "Komanso abambo abwere okha. Mabawuti a mipando anachita dzimbiri, ine ndilibe mphamvu. Adzamasule ndi manja awo, ndipo adzakhale pompano mpaka ntchito ithe."

Mabawuti analibe dzimbiri. Mayi Makwinja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono.

"Abwera. Atenga tchuthi."

Tsiku limenelo sindinamwe. Osati chifukwa cha kulapa, ndisakunamizeni. Ndinkafuna ndidzakhale ndi maso owala bwino poona a Makwinja atagwada m'fumbi.

Anabweradi, nkhope ili ndwii, akazi awo ali pambuyo pa kabaza.

"Masiku atatu kutsuka galimoto? Mukumanga nyumba kapena?"

"Alipo a ola limodzi kumtsinje, bwana. Mukhoza kupita."

"Gwirani sipanala, bambo a Rute," anatero akazi awo.

Anagwada. Ine ndinapita molunjika ku mpando wakumbuyo. Mayi Makwinja anati, "Mwafikiratu pomwepo, osafufuza n'komwe?" Ndinati mphuno yanga ndi yozolowera. Mpaka lero sindikudziwa chimene ankaganiza. Titautembenuza mpando uja n'kung'amba nsalu ya pansi, siponji inali yakuda, yonyeka, tizikopa ta mphutsi tili mbwee. Fungo linatuluka ngati lachita kukankhidwa. A Makwinja anathamangira kuseri kwa mango n'kusanza tiyi yense wa m'mawa. Ndinawapatsa madzi m'kapu mwaulemu wonse. Mumtima ndinkavina.

Anakhala pamenepo masiku onse atatu. Ananyamula madzi kumjigo, anagwira kapeti mbali ina ine ndikukwecha, anasuntha mipando kutsatira dzuwa. Makondakitala aja ankachepetsa liwiro kuti aone bwino bwana wa mu ofesi atapinda thalauza. Mthunzi wa phiri ukangofika ndinkati, "Taweruka, bwana, mawa," n'kukwera mtunda kupita kwa mayi anga. Madzulo oyamba Tamanda anabisala. Achiwiri anandilola kumusambitsa.

Tsiku lomaliza mayi anga anatsika naye kuti adzaone ngati ntchito ija inali yoona. Galimoto inali itauma, tinaitseka padzuwa kwa kanthawi, titatsegula munkangomveka sopo. Mayi Makwinja analipira theka lotsala popanda kuchotsera. Ndiye ndinanyamula Tamanda, ndinapinda kamkono ka diresi lake n'kuonetsa a Makwinja chipsera.

"Bwana, ola limodzi lanu lija ndi ili."

Ndinawafotokozera zonse za mbaula. Ndinkayembekezera kuti agwa nkhope, apepese, mwina alire. Anayang'ana mkonowo, kenako anati:

"Pepani za mwanayu. Koma asisi, ine ndinafunsa, inu munati sizichedwa. Mukanati ndi tsiku lonse, bwenzi nditapita kwina kapena nditabwera tsiku lina. Ine ndikanadziwa bwanji?"

Ndinafuna kuwaponyera sipanala. Mpaka lero ndikawaona magazi amawira, chifukwa kandalama kaja anandipatsa akuona ndi maso awo mipando ili panja, ndipo mawu a digiri aja sanawabweze. Koma funso lawolo linali loona. Bodza loyamba linali langa. Ndinawanamiza iwo, ndinanamiza amake Dalitso, ndipo analipira ndi mwana amene sankadziwa n'komwe kuti ola n'chiyani.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kagwiridwe. Galimoto ikafika sindiyankha chilichonse ndisanaione. Ndimatsegula zitseko zonse ndi buti, ndimanunkhiza, ndimakweza kapeti, ndimamufunsa mwini wake kuti munatayikira chiyani, mkaka, mafuta, nsomba, kapena mwana anakodzera. Ndikatero ndimamuuza nthawi, ndipo m'nthawiyo ndimawerengeramo kuuma, chifukwa kudikira dzuwa ndi ntchitonso. Wobwera masana kufuna kuchapitsa mipando ndimamubweza, abwere mawa m'mawa. Mtengo ndimatchula madzi asanakhudze galimoto, ndikumuyang'ana m'maso, mapazi nditawaponda pansi zolimba. Wa kunja kokha ndi wina, wa m'kati ndi wina, womasula mipando ndi winanso, ndipo pa womasulawo theka limatsogola. Ena amakwiya n'kumapita, amati mtsikanayu wayamba matama. Poyamba ndinkalephera kudya munthu akachoka choncho, ndinkaganiza kuti ndataya ufa wa mwana. Tsopano ndimangowakweza dzanja. Amene amatsala ndi amene ndikutha kukhala nawo.

Inu amene mumasoka, oluka tsitsi, ochapa zovala m'nyumba za aphunzitsi, ophika pa maukwati, ndikudziwa kuti muona nokha ali pakamwa panunso. Mulavuleni. Amaoneka ngati ulemu, koma amabereka chidani chimene chimakula mwakachetechete, mpaka tsiku lina mudzapezeka mukugwedeza kachigubu padenga ngati ine.

Za mowa sizinathe tsiku limodzi. Ndinapita kwa mayi amene ankandigulitsa mowa n'kuwauza pamaso pa makasitomala awo kuti akadzandigulitsanso ndidzagona pakhomo pawo mpaka amuna awo adzandinyamule. Ndinasintha njira yopitira kunyumba. Ndinagwa kawiri, ndipo kawiri konseko ndinakadziulula ndekha kwa amake Dalitso, amene tsopano amasunga ndalama zanga za sabata. Mpunga utayamba kucha mayi anga anatsika ndi jumbo ija, anaiika pakhomo n'kunena kuti, "Umaweruka nthawi yanji?" Ndinati mthunzi ukafika pamsewu. Anati, "Tenga mwana wako." Tamanda tsopano amapita ku sukulu ya mkaka, ndipo aphunzitsi ake akudziwa kuti amake sachedwa. Ndimadzukabe kukamugwira pachifuwa kuti ndimve ngati akupuma. Zimenezo mwina sizidzatha.

Chatsala n'chimene chandiimika pano. Ndalama imene inandidzutsa ndinailandira pochotsa chinthu chimene ndinaika ndekha. Inawombola huva, inandibwezera mwana. A Makwinja sindikufuna kuwabwezera ngakhale tambala, ndipo ndikanena kuti ndikumva nawo chisoni ndiye kuti ndayambiranso kunama. Ndimaona kuti analipira tsiku la nsomba lija, ndi chipsera, ndi bondo limene ndinawapindira. Koma Rute sanandilakwire. Ndimakumana naye kuchigayo ali ndi khanda kumbuyo, amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumasowa poyang'ana. Ndipo amene anasoka mikanda ija umodziumodzi ndi amenenso anakhala pamuzu wa mango n'kundidikira mpaka nditaphunzira kutchula mtengo wanga.

Mayi Makwinja, ndakuonani pamene mumalowa, mwakhala kumbuyoko pafupi ndi zenera. Ndinatsala pang'ono kupinda pepalali n'kunena kuti mutu ukundiwawa. Kaya munadziwa kale tsiku lija ndinapita molunjika ku mpando, kaya mukumva lero, ine sindithawa, tikatuluka mundipeza pakhomo. Kwa Rute ndipita ndekha, ndipo sindikudziwa kuti zimenezo zitenga nthawi yaitali bwanji, sindinena kuti sizichedwa.

Koma za ndalama ija, ndi masiku atatu amene ndinagwaditsa amuna anu m'fumbi mtima wanga ukusangalala, ndikufunsa nonse amene muli muno, pakuti ndadzifunsa ndekha mpaka ndatopa. Mukanakhala inu, mwana wanu ali ndi mkono ngati wa Tamanda, mukanabweza ndalamayo? Ndinalakwa kuisunga?